Nsomba Zinafa mu Kafue: Phunziro kwa Ife a Kumutu kwa Madzi

Lero tiyambe taika khasu pansi, titsikire kumtsinje.

Kuno ku Domwe sitili asodzi ayi. Ndife alimi a chimanga, nyemba, soya, fodya ndi mbatata ya kachewere. Koma ndani mwa ife sadya nsomba? Pamsika timagula usipa wa ku nyanja ya Malawi. Timagula kapenta ndi chikowa za ku Cahora Bassa. Ana athu amagwira matemba ndi milamba m'madambo. Ena mwa inu mwakumba maiwe a nsomba kudimba. Tsono nkhani ya nsomba ndi nkhani ya ndiwo zathu. Tiyeni tiwerenge bwino, mosathamanga.

ZIMENE ZINAONEKA KU ZAMBIA

Ku Zambia kuli mtsinje waukulu dzina lake Kafue. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 1,500. Umayambira kumpoto, kudera la migodi ya mkuwa. Anthu a mumzinda wa Lusaka amamwa madzi ochokera mumtsinje umenewu. Mwa anthu 10 alionse a m'Zambia, pafupifupi 6 amakhala m'chigwa cha Kafue.

Pa malo otchedwa Chambishi pali kampani ya mkuwa, dzina lake Sino-Metals Leach Zambia. Pofuna kuchotsa mkuwa m'miyala, amathira asidi. Asidi ndi madzi aukali, onga aja a m'batire ya galimoto, amene akadonthera pa malaya amaboola. Akatha ntchito, thope ndi madzi otsala amazisunga m'damu lalikulu.

Pa 18 Febuluwale 2025 khoma la damulo linagumuka. Madzi oipa anathamangira mu mtsinje wa Mwambashi, ndipo Mwambashi anawapereka kwa Kafue. Akatswiri anati madziwo anali malita okwana 50,000,000. Mgolo umodzi umalowa malita 200. Ndiye kuti inali migolo 250,000. Taganizani, migolo yonseyo kukhuthulidwa mumtsinje!

Nsomba zinayandama mimba zili m'mwamba. Zakufa zinapezeka mpaka mtunda wa makilomita 100 kumunsi. Chimanga ndi mtedza za m'mbali mwa madzi zinapserera. Mipopi ya mumzinda wa Kitwe inatsekedwa. Boma linachenjeza anthu kuti asadye nsomba za m'menemo. Ndege za asilikali zinathira laimu wambiri mumtsinje, pakuti laimu amaziziritsa ukali wa asidi, monga momwe amachitira m'nthaka yowawasa.

Akuluakulu a kampani anapepesa ndipo analonjeza kulipira. Koma nkhani siinathere pomwepo. Kampani ina ya ku South Africa, yotchedwa Drizit, imene inapatsidwa ntchito yofufuza, inanena kuti zoipa zimene zinatayika zinali matani oposa 1,500,000, kuposeratu zimene zinanenedwa poyamba. A mgodi anakana mawu amenewo. Mu Seputembala 2025 anthu 176 a m'deralo anakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku Lusaka.

Wina afunsa kuti, "Nanga za ku Zambia zikutikhudza bwanji ife?" Yang'anani pa mapu. Kafue amathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu. Zambezi amalowa m'dziko lathu pa Zumbo, nadzaza nyanja ya Cahora Bassa, n'kudutsa pa Tete. Ulendowo ndi wautali, ndipo madzi oipa amasungunuka m'madzi ambiri a m'njira. Choncho sindikunena kuti tileke kudya kapenta, iyayi. Ndikunena kuti mtsinje sudziwa malire a maiko. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

NSOMBA IMAPUMA BWANJI?

Mayi, mukamatumbula nsomba, mumaona tinthu tofiira kuseri kwa mutu. Amenewo ndi makha. Makha ndiwo mapapo a nsomba. M'madzi muli mpweya umene maso sauona. Nsomba imalowetsa madzi m'kamwa, madziwo amadutsa pa makha, ndipo mpweya umalowa m'magazi. Khungu la makha ndi lopyapyala zedi, kuposa khoko la anyezi.

Munthu akaona madzi oipa amatha kuwasiya, n'kukatunga kwina. Nsomba ilibe kothawira. Imapuma m'madzi, imadya m'madzi, imaikira mazira m'madzi momwemo. N'chifukwa chake nsomba ndi imene imayamba kutiuza kuti mtsinje wadwala.

Madzi oipa a m'migodi ndi m'mafakitale, amene ena timati mafabrika, amaononga nsomba m'njira zitatu.

NJIRA YOYAMBA: IMFA YA MWADZIDZIDZI

Asidi amaotcha makha. Podziteteza, nsomba imatulutsa zoterera zambiri, ndipo zotererazo zimatseka makha. Nsomba imakwera pamwamba, imayasamula, kenaka imafa chifukwa chobanika. Mkuwa wosungunuka m'madzi umachitanso chimodzimodzi, ngakhale utakhala wochepa kwambiri.

Pali zina zimene si poizoni, koma zimaphabe. Zotsalira za m'fakitale ya shuga, ya mowa, kapena za kophera ng'ombe zikalowa mumtsinje zimaola. Poola zimadya mpweya wonse wa m'madzi. Nsomba zimasowa chopuma. Anzathu amene anafikako ku Blantyre akudziwa mtsinje wa Mudi. Umadutsa pakati pa mafakitale ndi nyumba, ndipo wakhala ukulandira madzi oipa kwa zaka zambiri. Fungo lake lokha limakuuza.

Imfa yotereyi imaoneka ndi maso. Anthu amafuula, boma limabwera. Koma njira ziwiri zotsatirazi ndi zachinsinsi, ngati nankafumbwe m'nkhokwe.

NJIRA YACHIWIRI: POIZONI WOUNJIKANA

Ndowe zimaola. Mapesi amaola. Koma zitsulo monga mkuwa, mtovu, kadimiyamu ndi mekyule siziola. Laimu uja akathiridwa, madzi amayera, koma zitsulo sizichoka. Zimangotsikira pansi n'kukhala m'matope. Mvula yaikulu ikabwera, matope amavunduka, ndipo zitsulo zimayambanso ulendo.

Tizilombo ta m'matope timadya zitsulozo. Mlamba umafukula m'matope momwemo. Pang'ono ndi pang'ono mkuwa ndi kadimiyamu zimadzaza m'chiwindi, m'impso ndi m'makha. Nsomba yotere imasambira ndithu, koma imakula mochedwa ndipo imagwidwa matenda msanga. Mkuwa umaononganso mphamvu ya nsomba yomva fungo, ndiye imalephera kupeza chakudya ndi kuthawa adani.

Mekyule ndiye woopsa koposa. Ndi chitsulo chamadzimadzi, chonyezimira, chimene okumba golide amagwirira golide m'mchenga. Akalowa mumtsinje amasanduka poizoni wolowerera m'mnofu weniweni. Kachilombo kamadya pang'ono. Temba limadya tizilombo tambiri. Mcheni umadya matemba ambiri. Munthu amadya mcheni. Pa sitepe iliyonse poizoni amachuluka. Nsomba yaikulu, yokalamba, yodya zinzake ndiyo imakhala ndi wambiri. Ndipo mvetsani ichi: kuphika, kuotcha, kuyanika ngakhale kuthira mchere sikuchotsa chitsulo m'nsomba.

Dziko lonse linaphunzira zimenezi ku Japan. M'tauni ya Minamata, fakitale ya kampani ya Chisso inkataya madzi a mekyule m'nyanja kuyambira 1932 mpaka 1968. Amphaka odya nsomba anayamba kuzungulira ngati amisala, n'kumafa. Mu 1956 madokotala anazindikira matendawa mwa anthu: dzanzi m'manja, kuyenda dzandidzandi, kusaona bwino, kusalankhula bwino. Amayi ena ooneka athanzi anabereka ana opuwala, chifukwa poizoni anadutsa kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba. Anthu oposa 2,000 anavomerezedwa ndi boma kuti anadwala nthendayi. Mu 1965 zinachitikanso pa mtsinje wa Agano, m'dziko lomwelo. Mu 2013 maiko anapangana pangano lochepetsa mekyule, nalitcha dzina la Minamata.

Musati ndi za kutali zokha. M'dziko lathu lomwe lino, mu Seputembala 2025, boma linaimitsa ntchito za migodi m'chigawo cha Manica chifukwa mitsinje inali itaipa ndi kukumba golide.

NJIRA YACHITATU: MBEWU YA NSOMBA IMAONONGEKA

Apa tiwerenge modekha, pakuti ndi povuta pang'ono.

Mukabzala nyemba zoyera mumakolola nyemba zoyera. Mlamba umabereka mlamba, subereka chambo. N'chiyani chimauza dzira kuti likhale mlamba? Thupi la chamoyo chilichonse linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Tizipindati timatchedwa maselo. M'kati mwa selo muli kaulusi kopotana kotchedwa DNA. Pa kaulusiko palembedwa malangizo onse a chibadwa: mutu ukhale apa, msana uwongoke chonchi, maso akhale awiri.

Inu amene mwangophunzira kulemba mumvetsa msanga. Malangizowo amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, zimene akatswiri amazitcha A, C, G ndi T. Tsono lembani pa bolodi mawu akuti MWANA. Fufutani N, ikani L. Mwapeza chiyani? MWALA. Chilembo chimodzi chokha, mwana wasanduka mwala. Lembani PHALA, sinthani chimodzi, mwapeza PHULA. Kodi mungamwetse mwana phula?

Poizoni wina amachita zomwezo m'thupi la nsomba. Kadimiyamu, aseniki, kromiyamu ndi mankhwala ena a m'mafakitale amadula kaulusi kaja, kapena kusokoneza zilembo zake. Thupi lili ndi njira yake yosokera podukapo. Koma poizoni akamabwera tsiku ndi tsiku, thupi limalephera kusoka ponse.

Akatswiri amaziona bwanji? Amatenga kadontho ka magazi a nsomba, n'kuika pa makina okuza zinthu otchedwa maikulosikopu. Selo lofiira la magazi a nsomba lili ndi kanjere kamodzi pakati. Ngati kaulusi kaduka, pambali pa kanjereko pamaoneka kanjere kena kakang'ono, kotsalira. Amawerenga maselo 1,000 kapena kuposa, n'kuona kuti angati ali ndi kotsalirako. Kenaka amayerekeza nsomba za kumtunda kwa fakitale ndi za kumunsi. Kuyeza kotere kwachitika m'maiko ambiri, ndipo kawirikawiri nsomba za m'madzi oipa zimapezeka ndi maselo oonongeka ochuluka.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Zilembo zikasokonekera m'chiwindi kapena pakhungu, nsomba yomweyo imadwala, mwina kutuluka zotupa. Koma zikasokonekera m'mazira a yaikazi kapena m'mbewu ya yaimuna, vuto limapita kwa ana. Mazira ena saswa. Ana ena amaswa ndi msana wopindika, n'kufa asanakule. Chaka ndi chaka nsomba zimachepa, pamene palibe amene anaonapo yakufa ikuyandama. Zili ngati mlimi amene mbewu yake yafumbwa m'nkhokwe. Amadzazindikira nthawi yobzala.

Palinso mankhwala ena amene amasokoneza kubereka. Mu 2004 akatswiri a ku South Africa analengeza kuti m'dera la Gauteng anapeza milamba yaimuna yokhala ndi timazira m'ziwalo zake zoberekera. Madzi a kumeneko anali ndi mankhwala onamiza thupi, ochita ngati mphamvu ya chikazi.

Pano pasakhale chisokonezo. Kudya nsomba ya msana wopindika sikupindika msana wa munthu ayi. Zilembo za nsomba sizilowa m'zilembo zathu. Choopsa ndi poizoni amene anapindika nsombayo, pakuti mwina akadali m'mnofu wake. Nsomba yopunduka ili ngati mthenga. Ikutiuza kuti tiyang'ane madzi.

IFE TILI KUMUTU KWA MADZI

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, kuno kulibe mgodi wa mkuwa, kulibe fakitale." Zoonadi. Koma taimani pa phiri la Domwe, limene latalika mamita 2,095. Madzi a mvula yogwa kuno amatsika m'timitsinje tathu, n'kukakumana mu Revubwe. Revubwe amadutsa ku Moatize, kumene migodi yaikulu ya malasha inayamba kutumiza malasha mu 2011, ndipo amathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Amene ali kumunsi amamwa zimene ife tawatumizira. Ife ndife Chambishi wa anthu ena.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga ndili mnyamata. Bambo wina wa m'mudzi mwathu anapopera mankhwala pa tomato kudimba. Atatha anatsikira kukhwawa, natsuka mpope wake m'madzi. Sanali munthu woipa, ankangofuna mpope woyera. M'mawa mwake matemba anali mbuu pa dziwe la kumunsi. Ife ana tinakondwa, tinatola m'mabeseni, tinati ndiwo zabwera zokha. Agogo anga atanunkhiza anatilanda, nakakwirira zonse kudzala. Ndinalira tsiku limenelo. Lero ndikuwathokoza. Pa dziwe limenelo panapita nthawi yaitali tisanagwirenso temba.

Mankhwala amene timathira m'munda anapangidwa m'fakitale. Mankhwala a mbozi otchedwa cypermethrin amapha nsomba ngakhale atakhala madontho ochepa. Mankhwala ena obiriwira a chiwawu cha mbatata ndi tomato ali ndi mkuwa, womwe uja wa ku Kafue. Dibi wa ng'ombe, oilo wakuda wa chigayo ndi wa njinga yamoto, mabatire akutha a wailesi ndi a sola, zonsezi ndi poizoni m'madzi. Feteleza wokokoloka amameretsa ndere zambiri, ndipo ndere zikaola zimatha mpweya. Mpope umodzi ndi kanthu kakang'ono. Nanga mipope ya alimi onse a m'Angonia?

ZOYENERA KUCHITA PA KOOPERATIVA

1. Musatsukire mpope mumtsinje, padambo kapena pachitsime. Tungani madzi ndi ndowa, mukatsukire kumunda, kutali ndi madzi.

2. Botolo la mankhwala likatha, litsukeni katatu. Madzi otsukirawo thirani mumpope, mupopere m'munda. Kenaka boolani botololo kuti wina asatungire madzi kapena kusungiramo mchere.

3. Musapopere pamene mvula ili pafupi kugwa. Mutaya ndalama, ndipo mankhwala apita kumtsinje.

4. Siyani udzu, bango ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje. Musalime mpaka m'madzi. Mizu imagwira dothi ndi zoipa zisanalowe.

5. Musaphe nsomba ndi katupe kapena mankhwala a m'munda. Mumapha mayi, ana ndi mazira omwe. Chaka chamawa mudzadya chiyani?

6. Amene muli ndi dziwe la nsomba, yendani ndi ngalande yanu mpaka kumene madzi achokera. Onani amene ali kumtunda, mukambirane nawo mwaulemu. Kumbani mfuleni kuti madzi a m'munda asalowe m'dziwe.

7. Nsomba yopezeka itafa yokha musadye, musagulitse, musapatse galu kapena nkhumba. Ikwirireni mozama.

CHOLEMBERA NDI CHIDA

Dziko lathu lili ndi Lamulo la Zachilengedwe, nambala 20/97, la chaka cha 1997. Limaletsa kutaya zinthu za poizoni m'madzi, m'nthaka ndi mumpweya kupyola muyeso wololedwa. Lamuloli ndi la kampani yaikulu, ndi la ifenso. Koma lamulo limafuna umboni.

Mverani za alimi a ku Chingola, m'mbali mwa Kafue yemweyo. Iwo anadandaula kuti madzi a mgodi wa Konkola Copper Mines aononga mitsinje ndi minda yawo. Mu 2015 anthu 1,826 anasumira mgodiwo pamodzi ndi kampani yaikulu ya Vedanta ku London. Mu 2019 bwalo lalikulu la ku Britain linavomera kuti mlandu ungazengedwe kumeneko. Mu 2021 makampaniwo anagwirizana ndi anthuwo zowalipira, ngakhale sanavomere kulakwa. Anali alimi wamba ngati ife. Akanapita mmodzimmodzi sakanamveka. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono tsiku lina mukadzaona nsomba zafa, kapena madzi asintha mtundu, musangodandaula pamowa. Tengani kope. Lembani tsiku ndi nthawi. Lembani dzina la mtsinje ndi malo ake. Lembani mtundu wa madzi ndi fungo lake. Werengani nsomba zakufa, mulembe mitundu yake. Tungani madzi m'botolo loyera, osawakhudza ndi manja, mutseke bwino, mulembepo tsiku. Ngati wina ali ndi foni yojambula, ajambule. Uzani amfumu ndi alangizi tsiku lomwelo, ndipo kalata ipite ku ofesi ya SDAE ku Ulongwe. Kope lina la kalatayo litsale kwa mlembi wa kooperativa. Chenjezani a kumunsi kuti asatunge, ndipo ng'ombe zisamwe.

Kale tikadati, "Ndani atilembere?" Lero mukulemba nokha. Pakamwa pamaiwala, koma pepala siliiwala.

MAWU ATSOPANO

Werengani mokweza, kenaka lembani m'kope: makha, asidi, mkuwa, mekyule, selo, chibadwa, umboni.

MASAMU

Ndowa imodzi imalowa malita 20. Kodi mgolo wa malita 200 umadzaza ndi ndowa zingati? Nanga migolo 5?

TIKAMBIRANE

1. Damu la ku Chambishi linagumuka liti? Madzi oipa analowa m'mitsinje iti?

2. Tchulani njira zitatu zimene madzi oipa amaonongera nsomba. Ndi iti imene sioneka ndi maso?

3. Chifukwa chiyani kuphika sikuthandiza ngati nsomba ili ndi mekyule?

4. Pezani mawu awiri osiyana chilembo chimodzi chokha, monga MWANA ndi MWALA.

5. M'mudzi mwanu anthu amatsukira kuti mipope? Mabotolo akutha amapita kuti?

NTCHITO YA SABATA INO

Gawanani m'magulu a anthu asanu. Funsani agogo awiri a m'mudzi kuti akuuzeni nsomba zimene ankagwira mumtsinje wanu ali ana. Lembani maina ake kumanzere kwa tsamba. Kumanja lembani zimene zikupezeka lero. Bwerani nalo tsambalo pa phunziro lotsatira, tidzawerengere pamodzi.